Magulu Kapena Milu ya Ana?

Ndikunena ndi inu aphunzitsi a m'makoleji. Kuyambira 2007 silabasi ya pulayimale ikuti ana aziphunzira m'magulu. Chabwino! Koma inuyo mumaphunzitsa zamaguluzo mutaima kutsogolo, ophunzira akungokopera notsi. Kenako mumatumiza mnyamata ku Nsanje, ana oposa 100 ali pansi, mabuku ochepa, ati agawe magulu. Mmodzi amalemba, enawo akuwodzera ndi kutentha.

Kugwirizana sikwachilendo ku Chikwawa ndi Nsanje. Makolo ankalima pa dima, achinyamata m'magulu a nomi, aliyense ndi mzere wake. Ine ndikuti: phunzitsani mphunzitsi kugawa ntchito ngati mizere, kuti waulesi aoneke, ndipo alole ana akambirane m'Chisena ndi m'Chimang'anja. Apo ayi, musawatche magulu. Ndi milu ya ana chabe.