Khadi la Magemu Lisankhidwe ndi Sikirini ndi Magetsi a Pakhomo Panu

Pakati pa achinyamata athu amene akulumikiza makompyuta a magemu ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Tete ngakhale ku Johannesburg, funso lomveka kawirikawiri ndi lakuti: kodi graphics card yoposa zonse ndi iti? Yankho lake n'losavuta, koma silithandiza munthu. Mu 2025, khadi lamphamvu koposa pa magemu linali GeForce RTX 5090 la kampani ya Nvidia, limene linatuluka mu Januwale 2025 pa mtengo wa madola 1,999 a ku America, msonkho ndi ndalama yonyamulira zisanawerengedwe. Ine ndikuti munthu wa kwathu kuno asayambire pa dzina lolembedwa pa bokosi. Ayambire pa sikirini imene ili pa tebulo lake ndi magetsi amene amafika m'nyumba mwake, chifukwa ziwirizi ndi zimene zidzalamula kuti mphamvu imene walipira aione kapena ayi.

Ntchito ya khadili ndi kujambula chithunzi chimene mukuona, kuchifufuta, n'kujambulanso china, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Chithunzicho chimapangidwa ndi timadontho. Sikirini ya 1080p ili ndi timadontho toposa pang'ono 2 miliyoni, ya 1440p ili nato pafupifupi 3.7 miliyoni, pamene ya 4K ili nato toposa 8 miliyoni, kuwirikiza kanayi ya 1080p. Makhadi odula aja anapangidwira katundu wa 4K. Tsono ambiri a ife tili ndi sikirini ya 1080p, kawirikawiri yochokera mu ofesi kapena TV ya pabalaza, imene imasintha chithunzi ka 60 pa sekondi basi. Khadi likajambula zithunzi 200 pa sekondi, sikirini yotereyi singazionetse zonse. Kumeneko n'kugula lole yonyamulira thumba limodzi la chimanga. Amene amakonda EA Sports FC, eFootball, GTA V, Fortnite kapena Counter-Strike 2 pa 1080p, khadi lapakati monga Radeon RX 6600 kapena RTX 3060 limukwanira, ndipo ndalama yotsalayo ikapita ku sikirini ya 144Hz maso ake adzaona kusiyana tsiku lomwelo.

Mayina a makhadiwa nawonso asamakhulupiriridwe msanga. Makampani akhala akugulitsa zinthu zosiyana pa dzina limodzi. Panali GTX 1060 ya 6GB ndi ya 3GB, ndipo ya 3GB inali yochepekedwanso m'kati mwa injini yake, osati pa memory pokha. RTX 3050 ya 6GB ndi yofooka kuposa RTX 3050 ya 8GB. Pali RX 580 ina yolembedwa 2048SP imene mphamvu yake ndi ya RX 570. Ngakhale RTX 4090 ya mu laputopu si yofanana ndi ya pa desiki; inamangidwa pa chip cha RTX 4080. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogulitsa akangotchula nambala, mufunseni dzina lonse, mpaka zilembo zakumapeto.

Pa nkhani ya memory ya khadi, imene amaitcha VRAM, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ndalama za anthu zikutayikira mwakachetechete. VRAM ili ngati mphasa imene khadi limayalapo zonse zofunika pojambula: makoma, nkhope, zovala, udzu, mithunzi. Mphasayo ikadzaza, khadi limayamba kukatenga katundu ku RAM ya kompyuta, njira imene ndi yaitali ndi yopapatiza. Pamenepo gemu sichedwa mofanana ayi. Imathamanga bwinobwino, kenaka n'kudodoma mwadzidzidzi, kapena makoma n'kuoneka ngati apakidwa matope. RAM ya kompyuta mungathe kuiwonjezera chaka chamawa mukapeza ndalama. VRAM inawotchereredwa pa khadi, ndipo imene mwagula ndi imene mudzakalambe nayo.

Chaka cha 2023 chinaonetsa poyera kuti 8GB yayamba kuperewera. Hogwarts Legacy ndi The Last of Us Part I anavutitsa makhadi a 8GB amene pa mphamvu zina zonse anali abwino. Chodabwitsa n'chakuti RTX 3060 ya mu 2021 inali ndi 12GB, koma RTX 4060 imene inabwera pambuyo pake mu 2023 inabwerera ku 8GB, ndipo RTX 5060 ya mu 2025 idakali pa 8GB yomweyo. Sindikunena kuti khadi la 8GB ndi lotaya. Pa magemu a mpira ndi owomberana pa intaneti lidzatumikira zaka. Chimene ndikukana ndi kulipira mtengo wa khadi lapamwamba pa 8GB. Onani RTX 5060 Ti: ya 8GB inatuluka pa madola 379, ya 16GB pa madola 429. RX 9060 XT ya AMD chimodzimodzi: ya 8GB madola 299, ya 16GB madola 349. Munthu wa ku London amene amasintha khadi zaka ziwiri zilizonse angathe kusunga madola 50 amenewo. Ife amene khadi limodzi liyenera kutifikitsa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kenaka n'kupita kwa mng'ono wathu, madola 50 amenewo ndi amene amagula zaka zomalizirazo. Kuli bwino kudikira mwezi umodzi kapena iwiri ndalama ikwane.

Kampani ya Intel nayo inabweretsa Arc B580 pa mpikisanowu, khadi la 12GB limene linatuluka mu Disembala 2024 pa madola 249. Ndi mtengo wokoma, koma limafuna kompyuta yatsopanoko yokhala ndi Resizable BAR. Mukaliika pa bolodi yakale, mphamvu yake imatsika kwambiri.

Tsopano magetsi, nkhani imene otiunikira makhadi pa YouTube, okhala kumene magetsi sazima, amangoidutsa. RTX 4090 imadya mpaka 450W, RTX 5090 mpaka 575W, pamene RTX 4060 imadya 115W ndipo RX 6600 imadya 132W. Tiwerengere limodzi. Kompyuta yokhala ndi khadi la 450W, pamodzi ndi pulosesa, sikirini ndi zina, ingafike pa 650W. Mukasewera maola anayi, mayunitsi oposa awiri ndi theka apita pa mita. Yokhala ndi khadi la 115W ingakhale cha m'ma 250W, ndipo maola anayi omwewo ndi yuniti imodzi. Kusiyanaku kumakula magetsi akazima. Batire ya 12V 100Ah imasunga pafupifupi 1,200Wh, ndipo ikakhala ya asidi simuyenera kuikama kupitirira theka. Pa inveta, kompyuta yoyamba ija siitha ola limodzi. Yachiwiri ipitirira maola awiri, ndipo nyali za m'nyumba zingatsalirepo kanthu.

Izi si zongoyerekeza kwa ife. A ku Zambia ndi ku Zimbabwe akukumbukira 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ochuluka tsiku lililonse. A ku Malawi akukumbukira namondwe Ana amene anaononga Kapichira mu Januwale 2022. A ku South Africa sanaiwale 2023. M'dera lotere, khadi lodya pang'ono ndi limene lidzayaka masiku ambiri pa chaka. Limatenthanso pang'ono, ndipo aliyense amene anakhalapo ku Nsanje, ku Tete kapena ku chigwa cha Luangwa mu Okutobala akudziwa kuti chipinda cha malata sichisowa mbaula ina.

Pali chipangizo china chimene anthu amachinyozera, power supply, bokosi logawa magetsi m'kati mwa kompyuta. Ambiri timayamba ndi kompyuta ya mu ofesi yogwirapo kale ntchito, ya Dell kapena HP. Power supply yake nthawi zambiri imakhala yaing'ono, yopanda chingwe chodyetsera khadi, ndipo bokosi lenilenilo limakhala lopyapyala moti khadi lalikulu silingalowe. Pa kompyuta yotere, makhadi oyenera ndi amene amakhutira ndi 75W yochokera pa bolodi, monga mitundu yambiri ya GTX 1650 ndi RTX 3050 ya 6GB ija, imene pano ili pa malo ake. Amene akulumikiza kompyuta yatsopano asaumire pa power supply. Yopanda dzina, yolembedwa mphamvu imene ilibe, ikapsa siipita yokha. Imatenga khadi ndi bolodi. Magetsi athu amabwerera mwaukali akazima, choncho UPS kapena chotetezera magetsi chilowe mu bajeti ya khadi kuyambira pachiyambi.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu munena kuti kugula khadi lalikulu kamodzi n'kwanzeru, popeza kwacha siidikira munthu. Mfundoyi ili ndi mutu. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atasunga ndalama ya khadi anadzuka ili yoperewera. Ndikuvomereza kuti kuzengereza kuli ndi mtengo wake. Koma mfundoyo ikutiuza kugula khadi lokhalitsa, ndipo kukhalitsa kumachokera ku VRAM yokwanira, kutentha kochepa ndi magetsi otetezedwa. Kumachokeranso ku msinkhu wa khadi: Indiana Jones and the Great Circle ya mu 2024 ndi Doom: The Dark Ages ya mu 2025 sizitseguka n'komwe pa khadi lopanda ray tracing. Ndiye kuti GTX 1080 Ti, imene inali mfumu mu 2017, yatsekeredwa kunja, pamene RTX 3060 yodzichepetsa ikulowa. Amene akufuna magemu a mtsogolo ayambire pa RTX 20 kapena RX 6000 kupita m'mwamba.

Za kaunjika sitingazithawe, chifukwa ndi kumene ambiri a ife tidzagule. Mu Seputembala 2022 Ethereum inasiya kukumbidwa ndi makhadi, ndipo makhadi ochuluka amene anayaka usana ndi usiku kwa zaka anakhuthukira pa msika, makamaka RX 570, RX 580 ndi a mtundu wa RTX 30. Si onse amene ali oipa. Ena anasamalidwa kuposa a m'nyumba zathu za fumbi. Koma chikalata cha waranti cha sitolo ya ku Johannesburg kapena ku Dubai sichithandiza kwenikweni munthu wa ku Chipata amene alibe womubwezera katunduyo, ndipo khadi la pa Facebook lilibe chikalata n'komwe. Chotero musalipire khadi lisanayake pamaso panu. Wogulitsa aliike mu kompyuta, mutsegule pulogalamu yaulere ya GPU-Z kuti muone ngati dzina ndi VRAM zikugwirizana ndi zimene wanena, popeza alipo makhadi akale amene anasinthidwa kuti azidzitchula dzina latsopano. Kenaka gemu yolemera ithamange kwa theka la ola, inu mukuyang'ana kutentha, mukumvetsera mafani ngati akukhuluza, ndi kuona ngati pa sikirini pakubwera timizere kapena timabala tachilendo. Wogulitsa akakana zimenezi, kapena akayamba kukuuzani kuti pali wina akubwera ndi ndalama pompano, tengani ndalama yanu mubwerere nayo kunyumba.