Olira mvula ali kwina, matope agwera ena

Magetsi akazima pa Chinakanaka zonse zimaima nthawi imodzi. Chigayo chimati zii, amayi n'kukhala pa matumba awo a chimanga mpaka dzuwa kupendeka. Wowotcherera mafelemu amavula magalasi ake akuda, wogulitsa zoziziritsa kukhosi amayamba kuwerengera zomwe ataye. Chopweteka n'chakuti onsewa akatukula maso amaliona phiri la Mulanje lili poteropo, phiri lomwe mitsinje yake ikupanga magetsi tsiku lomwelo. Ku Lujeri, pa mitsinje ya Ruo ndi Ndiza, kampani ya Mulanje Hydro ili ndi makina a mamegawati 8 ndipo mphamvuyo imagulitsidwa ku ESCOM. Ikangolowa m'mawaya basi, siidziwanso kwawo.

Walira mvula walira matope, adatero akale, ndipo palibe amene amatsutsa. Koma akalewo ankanena za munthu mmodzi: wopempha mvula ndi woponda matope adali yemweyo. Za ku Mulanje zidasiyana pamenepo. Olira mvula ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, matope amawasiyira anthu a m'tsinde mwa phiri.

Taonani za madzi akumwa. Kuchokera mu 2019 madzi a mtsinje wa Likhubula amayenda m'mapaipi kupita ku Nguludi, n'kukathera m'mipopi ya mumzinda wa Blantyre, malita 20 miliyoni pa tsiku malinga ndi momwe ntchitoyo idakonzedwera, pa ngongole yochokera ku India. Anthu a ku Mulanje atadzuka n'kunena kuti mitengo iyambe yabwerera m'phiri paipi isanakumbiridwe, ambiri m'tauni adawaona ngati odana ndi chitukuko. Chonsecho iwo ndi amene ankalankhula zaumisiri kuposa onse. Paipi siibereka madzi.

N'chimodzimodzi ndi magetsi. Makina a m'mitsinje ya ku Mulanje alibe damu lalikulu losungira madzi. Amangotchinga mtsinje pang'ono, kupatutsa madzi m'ngalande, kuwatsetsereza m'paipi yonenepa mpaka akazunguze makina kumunsi, kenako madziwo amabwerera mumtsinje. Ubwino wake ngwoonekeratu: palibe mudzi womizidwa, palibe manda osamutsidwa. Koma kusowa kwa damu kukutanthauza kuti nkhokwe yokhayo ya madziwo ndi nkhalango ndi udzu wa pamwamba pa phiri, zomwe zimamwa mvula ya Januwale n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mpaka Okutobala. Nkhokweyo ikabooka, m'dzinja mtsinje umabwera ndi mchenga ndi miyala zomwe zimakwirira ngalande ndi kudya zitsulo za makina, ndipo m'chilimwe umatsala kamkwasa kosatha kuzunguza kanthu. Mwini makina angathe kugula zitsulo zatsopano ku Ulaya, koma kasupe sagulidwa.

Tsono nkhokweyo ili bwanji lero? Phiri la Mulanje lidakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma mu 1927. Mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umamera mwachilengedwe pa phiri lokhali padziko lonse. Kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo yokhwima isanu ndi iwiri yokha. Isanu ndi iwiri, m'nkhalango yomwe ili ndi alonda olipidwa ndi misonkho yathu. Matabwa onunkhirawo sadauluke okha kuchoka ku Chambe ndi ku Lichenya. Adatsika pamitu ya anyamata, adakwera magalimoto, adadutsa pa marodibuloko, ndipo adakathera m'nyumba za anthu oti sadapondepo phazi m'phirimo.

Apa ndiye pali nkhani yomwe a m'tauni safuna kuimva. Akakhala pa wailesi kapena pa Facebook amati anthu akumudzi ndi osamva, akutha mitengo, akutentha tchire chifukwa cha mbewa. Nanga matumba a makala omwe amasanjikizidwa pa njinga mbandakucha aja amapita kuti? Kodi wa kumudzi amaphikira makala? Iye amatola nkhuni. Makala ndi a mbaula za ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ngakhalenso ku Namiwawa komwe kuseri kwa nyumba yokhala ndi kuka ya magetsi simulephera kupeza thumba litatsamira khoma. Bwana yemwe masana amasaina chikalata chodzudzula kudula mitengo, madzulo amadya nyemba zophikidwa pa makala, n'kumanyambita zala. Mukamufunsa ayankha kuti atani nanga, magetsi akuzimazima. Akunena zoona. Magetsi akazima iye agula makala, makala adya mtengo, mtsinje uphwa, magetsi azimanso, ndipo iye abwerera kwa wa njinga uja. Lamulo la zankhalango lidakhwimitsidwa mu 2020, koma amene timamuona atalandidwa njinga ndi katundu ndi wosauka yemwe wapalasa usiku wonse. Wogula sanagonepo m'chitolokosi.

Ndiye kuli mwambo wa chaka ndi chaka uja, nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa mu Disembala. Magalimoto amafika mondondozana, mlendo wolemekezeka avala majombo atsopano, agwada pa kadzenje komwe ena akumba kale, athirira mbande imodzi ojambula akuthwanitsa makamera, gule avinidwa, alawansi isainidwa. Mu Ogasiti, moto ukamanyambita malo omwewo, simudzaonako galimoto ndi imodzi yomwe. Kudzala mtengo ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Ntchito yeniyeni ndi kupalira, kulambula njira zotchinga moto, kulondera zaka khumi, ndipo imeneyo amaisiyira mafumu ndi makomiti a m'midzi kuti aigwire mongodzipereka, pamimba pali pululu.

Matopewo akabwera sabwera ngati mwambi. Mu Januwale 2015 Ruo adasiya njira yake kumunsi, n'kudula anthu a ku Makhanga m'boma la Nsanje. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira pa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ndi nthawi imeneyo pomwe ngakhale a m'tauni adalawako pang'ono zomwe adalira. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa miyala ndi matope kuchokera m'phiri, adakokolola midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo malo opangira magetsi a pa mtsinje wa Muloza, omwe adali asanakhalitse n'komwe, adaonongeka. Omwe adakwiririka adali anthu a m'tsinde mwa phiri, ambiri a iwo oti m'nyumba zawo simudalowepo waya.

Wina anena kuti napolo ndi wakale, kuti ku Phalombe adapha anthu mu 1991 mitengo ikadalipo yambiri, kuti mvula ya Freddy palibe nkhalango ikadaiimitsa. N'zoona, si matope onse omwe amabwera ndi nkhwangwa. Koma mchenga womwe umadzaza ngalande chaka chilichonse, ndi mitsinje yomwe masiku ano ana amaoloka osanyowa maondo mu Seputembala, zimenezo si napolo.

Malo amodzi omwe mwambi wa mvula ndi matope uja ukugwirabe ntchito monga adaunenera akale ndi kwa Bondo. Kumeneko mtsinje wa Lichenya umazunguza timakina tating'ono ta bungwe la MEGA, lomwe lidabadwa ndi thandizo la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi Practical Action. Magetsi ake sapita kutali. Amayatsa chipatala chaching'ono, sukulu, zigayo ndi nyumba za m'midzi yomweyo. Amene amagula mayunitsi ndi yemweyo amene amaona ndi maso ake ngalande ikadzaza mchenga, ndipo getsi likayamba kufiira amadziwa kuti mlandu uli kumtunda, m'mbali mwa mtsinje momwe wina walima mpaka m'madzi. Safunikira msonkhano wa ku hotela kuti amvetse. Mphamvu ya kwa Bondo ndi yochepa, siingayendetse fakitale ya simenti, ndipo dziko likufunadi zazikulu ngati Mpatamanga wa mamegawati oposa 350 yemwe akukonzedwa pa Shire. Komabe funso lomwe kwa Bondo adaliyankha ndi lomwe ntchito zazikuluzo zimalizemba: amene akusunga mtsinje akupindulanji?

Ndipo pamwamba pa Lichenya yemweyo ndi pomwe pali miyala ya bauxite yomwe anthu a migodi akhala akuimezera malovu kwa zaka zambiri. Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse, akuluakulu adaomba m'manja, koma ziphaso za migodi zimasainidwa ku Lilongwe, kutali ndi fumbi ndi madzi ofiira omwe angatsike nazo.

Zoti zichitike si zachilendo. Pa bilu iliyonse ya madzi a Likhubula ndi pa yuniti iliyonse ya magetsi a Ruo payenera kukhala kagawo kodziwika, kolembedwa poyera, kopita kwa olondera moto ndi osamala mbande m'midzi yozungulira phiri, osati kukathera pa mafuta a magalimoto ndi masemina. Makhansala ndi aphungu a ku Mulanje ali ndi pakamwa. Afunse a Blantyre Water Board, a ESCOM ndi makampani opanga magetsiwo kuti chaka chathachi adabwezera ndalama zingati kuphiri, adalipira anthu angati, ndipo mwa mitengo yomwe adadzala pa kamera, yamoyo ndi ingati. Yankholo alimate pa bolodi la kukhonsolo ndi pamsika wa Chinakanaka, m'Chichewa.