Bawo si ya agogo anu okha

Inu amene mumakhala pansi pa mtengo wa mango ku Mwaya n'kumathamangitsa ana pa bawo, ndikulankhula ndi inu. Mwana akaika timiyala tiwiritiwiri m'maenje onse 32, mumati, "Chokani, imeneyo si bawo!" Nanga ndi chiyani? Timiyala ndi 64 tomwe tija, kudyerana n'komweko. Chasiyana n'chakuti inu mumayamba ndi timiyala tambiri kumanja ndipo mumasunga nyumba. Basi.

Ku America kuli sewero la Dungeons & Dragons, limene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974. Mmodzi amasimba nthano, enawo amakhala anthu a m'nthanomo, madayisi n'kumagamula zochitika. Malamulo ake anasinthidwa mu 2000, mu 2008, mu 2014. Okonda akale amadandaula ndithu, koma wotsogolera wanzeru amafunsa kaye: lero tisewera malamulo ati? Akagwirizana, nthano imapitirira.

Ife funso limenelo timaliona ngati kugonja. Ndiye mwana amadzuka, amakatenga foni, sabweranso. Mawa muzidzati ana a masiku ano alibe chikhalidwe, chonsecho munawapirikitsa ndinu.

Ndikudziwa, bawo ya akulu ili ndi kuya kwake, ndipo isafe. Koma palibe anabadwa akudziwa kusunga nyumba. Khalani pansi, sewerani yawoyo kaye, kenako muwaphunzitse yanuyo. Apo ayi, bawo yanuyo idzadyedwa ndi chiswe inu muli moyo.