Phompho la ku Mwabvi Silidikira Azungu Okha

Funsani wophunzira aliyense wa Fomu 4 kuno ku Nancholi za Grand Canyon, mudzamva akuyankha mosadodoma. Adzakuuzani kuti ili ku Arizona, m'dziko la America, kuti idakumbidwa ndi mtsinje wa Colorado, ndiponso kuti pena kuya kwake kumaposa mamita 1,800. Koma mukam'funsa za phompho la ku Mwabvi, adzangokanda m'mutu. Chimenechi ndi chamanyazi, ndipo manyaziwo si a mwanayo yekha ayi. Ndi athu tonse, makolo ndi aphunzitsi omwe.

Mwabvi ndi nkhalango yosungirako nyama zakutchire imene ili m'boma la Nsanje, kufupi ndi Bangula, cha kumalire ndi dziko la Mozambique. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 135 chabe. Msewu wopita kumeneko ndi womwewu wa ku Chikwawa umene umadutsa pakhomo pathu. Munthu amatsika zitunda, n'kuwoloka Shire, n'kudutsa Nchalo ndi Ngabu. Ndi ulendo wa maola ochepa. Nanga n'chifukwa chiyani timadziwa za kutsidya kwa nyanja, pamene za kuseri kwa nyumba yathu zili zachilendo?

Ine ndidafikako m'nyengo yachilimwe, motsogozedwa ndi mlonda wa nkhalangoyo, pakuti safunsa adadya phula. Kunja kunali kutentha koopsa, koma titatsikira m'phomphomo tidapeza kamthunzi kozizira. Uku ndi uku kunali makoma a thanthwe, osalala ngati kuti wina adachita kuwazira. Nditakhula thanthwelo ndi chala, timchenga tidatsalira m'manja mwanga. Pamenepo phunziro la jogalafe limene ndidangoloweza pamtima kusukulu lidandilowa m'mutu koyamba. Mwala umenewu udali mchenga kalekale. Madzi adauunjika m'mizeremizere, ndipo kwa zaka mamiliyoni ambirimbiri udapanikizika mpaka kulimba. Pambuyo pake mtsinje wa Mwabvi, pokokolola mchenga ndi timiyala dzinja lililonse, udaupala pang'onopang'ono kufikira utapanga mpata wakuyawo. Bolodi ndi choko sizingaphunzitse zimenezi monga mmene chimaphunzitsira chala chako chomwe.

Pali anthu amene amati kuyendera malo otere ndi zachizungu. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndiponso ndi oopsa. Makolo athu adaidziwa mitsinje ndi mapiri amenewa, nawapatsa mayina, mzungu asanaponde m'chigwa cha Shire. Dzina loti Mwabvi si la Chingerezi. Tsono mwini munda angamati kuyendera munda wake ndi ntchito ya alendo? Kuopsa kwake n'kwakuti chinthu chimene munthu sadachionepo sachimvera chisoni chikamawonongeka. Nkhalango ya Mwabvi imadziwika kuti ndi kumene zipembere zakuda zachilengedwe cha dziko lino zidatsalira komaliza. Zidatha, ndipo ambiri a ife sitidagwetse msozi, chifukwa sitidadziwe n'komwe kuti zidalipo. Kuti chipembere chioneke kachiwiri m'Malawi, padafunika kuchitenga ku South Africa n'kuchibweretsa ku Liwonde m'chaka cha 1993. Madzi akatayika saoleka, ndipo kutunga ena kumadya chuma chambiri.

Ena amati, "Ife ndife amphawi, za ulendo wosangalala tizione kuti?" Mawu amenewa ali ndi choonadi chake, ndipo sindifuna kuwanyoza. Banja limene likusowa ufa silingaganize za galimoto yopita ku Bangula. Komabe sukulu zathu zimasonkha ndalama za maulendo a mpira, za madansi ndi za maphwando otsazikana. Ngati ndalama ya zimenezi imapezeka, ya ulendo umodzi wa maphunziro pa zaka zinayi za ku sekondale ingasowe bwanji? Komanso nzika ya dziko lino imalipira ndalama yocheperapo polowa m'malowa poyerekeza ndi mlendo wakunja. Amene Mwabvi yawatalikira, Lengwe ili pafupi m'boma la Chikwawa. Idakhazikitsidwa kukhala paki m'chaka cha 1970, ndipo imatchuka ndi nyama zotchedwa nyala. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi nalo lakhala likulimbikitsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu. Chosowa chachikulu si ndalama ayi, koma chidwi.

Pali chinanso chimene ife a m'tauni sitifuna kuchimva. M'mawa uliwonse njinga zolemedwa ndi matumba a makala zimakwera msewu wa ku Chikwawa kulowa mu Blantyre. Timagula, timakonda makamaka a mtengo wa tsanya chifukwa amakhalitsa pambaula, koma sitifunsa kumene mtengowo udagwa. Tsanya yemweyo ndiye mtengo umene umaveka nkhalango za m'chigwa cha Shire. Sindikudzudzula bambo wa njinga amene akufuna chakudya cha ana ake, kapena mayi wophika amene magetsi alibe. Ndikunena kuti wogula amene adaimapo pansi pa mitengoyo ili yamoyo amaganiza kawiri, amasunga makala, ndipo amabzala mtengo. Zotsatira za dziko lopanda mitengo tidaziona ndi maso m'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche, n'kukwirira abale athu ku Chilobwe. Mvula idali yoopsa ndithu, koma phiri lometedwa mpala silikadatha kugwira dothi lake.

Tisataye mtima, pakuti chowonongeka chimatha kukonzeka anthu akafuna. Nkhalango ya Majete idali itatheratu njovu chifukwa cha opha nyama mozembera malamulo. Kuyambira m'chaka cha 2003, pamene boma lidagwirizana ndi bungwe la African Parks, nyama zidabwezeretsedwa, kuphatikizapo njovu, zipembere ndi mikango. Koma mpanda ndi mfuti za alonda sizingasunge nkhalango kwamuyaya ngati eni dziko alibe nayo kanthu.

Choncho inu ophunzira, musadikire kuti mudzayambe mwalemera. Pitani kwa aphunzitsi anu a jogalafe, akhazikitseni pansi, muwerengere limodzi mtengo wa ulendo, ndipo muyambe kusonkha pang'onopang'ono kuyambira teremu ino. Inu aphunzitsi, musanalembe dzina la Colorado pabolodi, lembani kaye la Mwabvi. Mwana wa ku Nancholi ali ndi ufulu woimirira m'phompho la dziko lake, kukhudza thanthwe lake, ndi kubwerako akudziwa chimene ayenera kuteteza.