Mawu a banki yaikulu amafika mochedwa kuno ku Furancungo

FURANCUNGO – Abale anga a kuno ku Macanga ndi inu a ku Tsangano, lero tikambirane za mawu amene amayendetsa ndalama zathu, ngakhale ambiri a ife sitiwamva akamayankhulidwa.

Ku Maputo kuli Banco de Moçambique, banki yaikulu ya dziko lathu. Pa miyezi iwiri iliyonse akuluakulu ake amakhala pansi n'kugamula chiwongoladzanja chotchedwa MIMO, chimene mabanki ena amayang'anapo pokongoza anthu ndalama. Kuyambira Sepitembala 2022 chinali pa 17.25 peresenti. Mu Januwale 2024 bankiyo, motsogozedwa ndi a Rogério Zandamela, inachitsitsa kufika pa 16.50, ndipo inaneneratu kuti ipitiriza kutsitsa pang'onopang'ono mpaka chifike pansi pa 10. Zinachitikadi mu 2025.

Mwina mukuti, nanga ife olima fodya ndi mbatatesi zikutikhudza bwanji? Tamvani. Munthu wa chuma sadikira kuti chiwongoladzanja chitsike kaye ayi. Akangomva kuti chidzatsika, tsiku lomwelo wayamba kale kuwerengera. Amadziwa kuti ndalama zogonekedwa ku banki zidzabala zochepa, choncho amazitulutsa n'kukagula masheya, ndiye kuti kachigawo ka umwini wa kampani. Ogula akachuluka, mtengo wa masheya umakwera. Ku New York ndi ku London msika wonse umadzuka kapena kugwa chifukwa cha mawu ochepa chabe a mkulu wa banki. N'chimodzimodzi mlimi amene akamva mabingu cha ku phiri la Domue amathamangira mbewu, mvula isanadonthe n'komwe.

Nafenso msika wotere tili nawo, Bolsa de Valores de Moçambique, umene unayamba mu 1999. Ndi waung'ono, koma ulipo. Mu 2019 kampani ya magetsi ya Cahora Bassa inagulitsa masheya kwa nzika za dziko lino pa mameticais 3 sheya imodzi. Anthu anawalimbirana moti gawo logulitsidwa analikweza kuchoka pa 2.5 kufika pa 4 peresenti. Damulo lili ku Songo, m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete. Koma tafunsani m'mudzi mwanu: ndi angati anamva nkhaniyi nthawi yogula isanathe?

Ife a m'malire phunziroli tinalilandira ndi misozi. Pano timagwira ndalama ziwiri, metikali ndi kwacha. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Malawi inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Osintha ndalama m'misika anali atanunkhiza kale, ndipo mtengo wawo unali utasiyana kalekale ndi wa ku banki. Wamalonda amene anali ndi khutu anathamangitsa makwacha ake n'kugula katundu. Mayi amene anagulitsa mbatatesi zake kwa ogula a ku Ntcheu n'kumanga makwacha pa nsalu, kudikira nthawi ya feteleza, anadzuka m'mawa ndalama zili zomwezo koma matumba atachepa. Sanalakwe kanthu mayiyu. Anangomva mochedwa.

Ndipo musaiwale 2016, pamene ngongole zobisika za boma zinaululika. Otithandiza akunja anaimitsa ndalama, amalonda anachita mantha, dola imene inali pafupifupi mameticais 45 inapitirira 70 chaka chomwecho. Sopo ndi mafuta ophikira zinakwera mpaka m'timagolosale ta kuno kwathu. Chikhulupiriro chikathawa ku Maputo, amalipira ndi wa ku Furancungo yemwe.

Dandaulo langa ndi ili. Banki yaikulu imachita bwino kuneneratu kumene ikulowera, chifukwa wamalonda wodziwa za mawa sawopa kuika ndalama zake pa ntchito. Koma imanena m'Chipwitikizi chozama, cha anthu a mataye. Amene ali ndi masheya amamva ola lomwelo. Ife timamvera pa mtengo wa thumba la feteleza, zinthu zitatha kale. Kunena zoona, ngakhale MIMO yatsika chotere, mlimi wopanda chikole akalowa m'banki amatulukabe chimanjamanja, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chimene ndikupempha n'chaching'ono. Tsiku limene akuluakulu aja agamula, wailesi ya Rádio Moçambique ku Tete ndi mawailesi a m'madera aziulutsa m'chinenero chathu madzulo omwewo: chiwongoladzanja chakwera kapena chatsika, metikali ili pati poyerekeza ndi dola ndi kwacha, ndipo bankiyo ikuyembekezera zotani miyezi ikubwerayi. Aziwerenga pamodzi ndi mitengo ya fodya ndi chimanga, nthawi imene anthu abwerako kumunda.