NDEMANGA: Chifunga cha ku Viphya sichidziwa bwana

Aliyense amene anakwerapo ndege pa bwalo la Mzuzu m'miyezi ya Juni ndi Julaye akudziwa mmene zimakhalira. Katundu wayezedwa, ndege ili apo, woyendetsa wafika, koma onse maso ali kumwamba. Chifunga chikatsika kuchokera ku mapiri a Viphya, ngakhale mitengo ya kumapeto kwa bwalo sioneka. Pamenepo pamatsala funso limodzi: tinyamuke kapena tidikire? Ife tikuti funso limeneli ndi la dziko lonse. Nzika zili ndi ufulu wodziwa amene amaliyankha, zida zimene ali nazo poliyankha, ndiponso ngati ali ndi mphamvu yokana pamene wokwera ndi munthu wamkulu.

Bwalo la ndege la m'mapiri ndi losiyana ndi la m'chigwa. Mzuzu ili pamtunda wopitirira mamita 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo msewu umene ndege imathamangapo ndi wa mamita pafupifupi 1,300 okha. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, choncho mapiko sanyamula msanga, injini nazo mphamvu zimachepa. Ndege imafuna mtunda wautali kuti idzuke, ndipo katundu ayenera kuchepa. Nyengo nayo siichedwa kutembenuka. M'chisanu mphepo ya mwera imatenga chinyezi pa nyanja n'kukwera nacho mapiri, kumene chimasanduka mitambo yokhudza nsonga za mitengo. Woyendetsa amene akudalira maso ake amapezeka mwadzidzidzi ali mumtambo, ndipo mkati mwa mtambowo muli phiri.

Izi si za kuno kokha. Ku Nepal kuli bwalo la Lukla, limene alendo okwera phiri la Everest amatsikirapo. Linamangidwa mu 1964 motsogozedwa ndi Edmund Hillary. Lili pamtunda wopitirira mamita 2,800, msewu wake ndi wa mamita 527 okha, mbali ina kuli phiri, mbali ina kuli phompho. Mu Okutobala 2008 ndege inagwa pofuna kutera mumtambo ndipo anthu 18 anafa. Dziko la Nepal nalo si lolemera, koma pa bwalo limenelo pali malamulo ouma. Mitambo ikatsika bwalo limatsekedwa, alendo olipira madola amagona masiku angapo akudikira. Ndege zambiri zimauluka m'mawa mphepo isanayambe. Woyendetsa saloledwa kukaterako yekha asanaphunzire bwalolo pamodzi ndi mphunzitsi maulendo angapo. Ngozi sizinatheretu, koma aliyense amadziwa kuti mawu omaliza ndi a nyengo.

Ife phunziro limeneli linatipeza ndi maliro. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka m'mawa pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe kupita ku Mzuzu. Inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, Mayi Patricia Shanil Dzimbiri ndi ena, paulendo wa ku maliro a Ralph Kasambara ku Nkhata Bay. Ulendo wosakwana ola limodzi unathera m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse asanu ndi anayi anafa. Ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira, dziko lonse litagona usiku wathunthu osadziwa kumene mtsogoleri wake wagwera.

Chimene chiyenera kutisowetsa tulo ndi zomwe akatswiri a ku Germany, a bungwe la BFU, anapeza atafufuza. Kachipangizo kamene kamayenera kulira ndege ikagwa, kuti ofunafuna adziwe pamene ili, sikankagwira ntchito chifukwa batire yake inatha mphamvu mu 2004. Zaka makumi awiri! Ndegeyo inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa kapena osunga mbiri ya ulendo. Zokambirana za pa wailesi pakati pa oyendetsa ndi ogwira ntchito pansi sizinajambulidwe. Njira imene ndege inadutsa anachita kuitolera m'kachipangizo ka GPS kopezeka pamalo a ngozi. Lipoti lawo lomaliza, la mu Juni 2025, linati ndegeyo inapitiriza kuuluka m'munsi nyengo itaipa mpaka inawomba phiri. Komiti yofufuza yotsogozedwa ndi Justice Jabbar Alide, imene inapereka lipoti mu Disembala 2024, nayo inaloza chala nyengo ndi zolakwa za anthu.

Boma linalengeza kuti onse anafera pomwepo, choncho batire yamoyo sikanawapulumutsa. Koma bwanji pakanakhala wopuma mmodzi usiku umenewo, m'chisanu cha ku Chikangawa? Ndipo kuyambira 2004 mpaka 2024 padutsa maboma angati? Atsogoleri a zipani zosiyanasiyana analowa ku nyumba ya boma n'kutulukako, nyumba ya malamulo inavomereza bajeti chaka ndi chaka, galimoto zapamwamba za nduna zinagulidwa, koma batire ija inali chikhalire. Apa palibe chipani chosamba m'manja.

Ena akudabwa kuti n'chifukwa chiyani aMalawi ambiri sakhutira ndi malipoti. Ife sitikudabwa. Amene anali kuno mu Meyi 1983, ndi amene ankamvera nkhani ali ku Lusaka, Dar es Salaam kapena London, akukumbuka kuti imfa ya Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga inalengezedwa ngati ngozi ya galimoto ku Mwanza. Panatenga zaka zoposa khumi, ndi kusintha kwa boma mu 1994, kuti komiti ya Justice Mtegha inene poyera kuti anthuwo anaphedwa. Mtundu umene unanamizidwapo chotere ukamva mawu akuti "ngozi" umayamba wakweza nsidze. Sitikunena kuti za ku Chikangawa ndi zofanana ndi za ku Thambani. Umboni umene ofufuza anapereka ukuloza kwina. Tikunena kuti mankhwala a mphekesera ndi umboni wogwirika. Tepi ya wailesi ikanakhalapo, ikanayankha mafunso ambiri amene mpaka lero akuyankhidwa m'minibasi ndi pa Facebook. Boma losasunga mbiri limadzikolezera lokha moto wa manong'onong'o.

Tsono tikupempha zinthu zinayi, ndipo palibe chimene chikufuna ngongole ya kunja.

Choyamba, ndege iliyonse yonyamula anthu m'dziko muno, ya boma, ya asilikali kapena ya kampani, ikhale ndi kachipangizo kolozera pamene yagwa, koyesedwa pa nthawi yake. Yunifolomu isakhale chifukwa chobisira mabuku a zokonza ndege. Komiti ya nyumba ya malamulo yoona za chitetezo iziwaona mabukuwo chaka chilichonse.

Chachiwiri, mawu onse a pa wailesi ya ndege azijambulidwa ndi kusungidwa, ku Lilongwe, ku Chileka, ku Mzuzu ndi ku Karonga komwe. Tisaiwale kuti mu Januwale 2019 ndege za South African Airways zinaleka kutera pa Chileka kwa kanthawi akatswiri a kwawo atapeza zosowekera pa chitetezo. Ngati bwalo la mumzinda wa Blantyre linagwidwa chotero, nanga mabwalo a kutali monga Chelinda pa Nyika, kapena Likoma, akuwayang'ana ndani?

Chachitatu, woyendetsa azilandira za nyengo ya njira yonse asanalize injini. Kudziwa kuti ku Lilongwe kuli dzuwa sikuthandiza munthu amene adutse pa Viphya. Anthu oyeza nyengo tili nawo. Apatsidwe zida ndi njira yofikitsira uthenga kwa oyendetsa nthawi yomweyo.

Chachinayi, ndipo ichi ndiye chovuta, lamulo liteteze woyendetsa amene wanena kuti "lero sitiuluka". Tinakulira m'dziko la "bwana wanena", m'mene wamng'ono sayankha wamkulu. Khalidwe limenelo silinathe ndi referendamu ya 1993. Sitikudziwitsa aliyense mlandu pa ulendo wa pa 10 Juni. Tikukamba za mawa. Mtsogoleri akachedwa ku msonkhano kapena ku maliro, anthu adzadandaula tsiku limodzi n'kuiwala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pomaliza, abale athu a kumpoto akhala akumva malonjezo a bwalo latsopano la ndege ku Mzuzu kuchokera ku maboma otsatizana, makamaka chisankho chikayandikira. Bwalolo likufunika, ndipo tipitiriza kulifunsa. Koma tisadikire nyumba ya magalasi kuti tigule batire. Aphungu athu, a mbali ya boma ndi otsutsa omwe, afunse m'nyumba ya malamulo kuti mwa zonse zimene ofufuza analangiza, zachitika ndi ziti, zatsala ndi ziti, ndipo adzamaliza liti. Yankho liperekedwe poyera, m'Chingerezi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo amene amakwera ndege zimenezi kawirikawiri ndi iwo omwewo.