Ulusi wa Kuwala Ufike Pakhomo

Pali anthu ena, ngakhale m'maofesi a boma, amene akumanena kuti ulusi wa galasi wonyamula mauthenga ndi wa anthu a m'tauni, ati akumudzi mafoni a m'manja awakwanira. Maganizo otere ndi okhota, ndipo tiyenera kuwatsutsa poyera.

Kodi anthuŵa adziŵa kuti ulusiwu nchiyani? Ndi galasi loonda ngati tsitsi, m'mene mauthenga amayenda mwa kuwala. M'chaka cha 1966 Charles Kao ndi George Hockham analongosola kuti galasi loyeretsedwa bwino lingathe kutero, ndipo mu 1970 kampani ya Corning ku America inapanga ulusi wotere. Lero ulusi umodzi wochokera ku ofesi ya matelefoni umagaŵidwa ndi kachipangizo kakang'ono nkufika ku nyumba 32 kapena 64, pa mtunda wa makilomita 20. Kachipangizoko sikalira magetsi; magetsi afunika kumene ulusi wachokera ndi kumene wathera basi. Kwa ife amene magetsi amatizimira kaŵirikaŵiri, kodi mwayi woposa pamenepa ulipo?

Tsono aja otama mafoni amaiŵala kuti nsanja imodzi amagaŵana anthu ambirimbiri, ndipo akachuluka intaneti imayenda ngati nkhono. Amaiŵalanso kuti nsanjayo imalimba ikalumikizidwa ku ulusi womwewo.

Malaŵi alibe gombe la nyanja yamchere. Zingwe za pansi pa nyanja, SEACOM ya 2009 ndi EASSy ya 2010, zinafika ku Dar es Salaam ndi ku Maputo, ndipo ife timazipeza kudzera mwa anansi athu. Kuyambira 2017 ESCOM inayamba kuyala ulusi pa mizere ya magetsi kuloza m'maboma. Msana ulipo. Koma mwana wa sukulu ndi namwino wa pa chipatala chaching'ono apindula chiyani ngati ulusi ungodutsa pamwamba pa mitu yawo? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Choncho inu antchito a boma, polemba mapulani a msewu kapena a mipope ya madzi, ikanimo njira ya ulusi ngalande isanakwiriridwe, pakuti kukumba kaŵiri nkusakaza chuma cha dziko. Inu atsogoleri a m'madera, auzeni anthu kuti mu ulusiwu mulibe kopa woti nkugulitsa. Wodula chingwe apeza galasi chabe, koma atseka pakamwa boma lonse. Mbala zotere zikaonekere ku khoti, ndipo ulusi ufike pa sukulu, pa chipatala ndi pakhomo.